Ndevu za a Matiyasi

Ku Nabvutika, komboni ya mu Chipata, kuseri kwa chigayo, kuli kachipinda ka njerwa zosawotcha komwe a Matiyasi Sakala akhala akumeta anthu kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Mukapitako lero mukaona zochititsa manyazi: wometa mwiniwake ali ndi ndevu zaimvi, zonyankhalala, zoyamba kale kukhudza kolala. Anthu amaseka. Onyamula anthu pa njinga amachita kuponda mabuleki kuti awaonetsetse. Koma inu musafulumire kuseka, chifukwa nkhani ya ndevuzi ndi yopsetsa mtima, ndipo amene wapsa mtima kuposa onse ndi mwini ndevuyo.

A Matiyasi sagwira mashini a magetsi. Sanawagwirepo, ndipo amati akadzawagwira mudzadziwe kuti mutu wawo wayamba kusokonekera. Kwa iwo mashini ndi ometera nkhosa. Zida zawo ndi lumo lopinda, lamba wachikopa wonolera, burashi, kapu yachitsulo yogumuka m'mphepete, ndi thawulo loviika m'madzi otentha. Magetsi akazima, ometa a m'makontena onse amakhala pakhomo manja ali m'thumba, pomwe a Matiyasi amangopitiriza ntchito yawo, akumwetulira mwachipongwe.

Makasitomala awo si ambiri. Ndi madala khumi ndi angapo, aphunzitsi ndi makalaliki opuma ntchito, anthu oti khungu lawo linafewa ndi ukalamba ndipo silifuna chibwana. Mkulu wa onsewo ndi a Gerson Tembo, amene anaphunzitsa sukulu ya mishoni mpaka tsitsi kutha m'mutu. Loweruka lililonse ankafika atavala jekete, n'kukhala pampando, n'kuyamba kuwaseka a Matiyasi chifukwa cha kolona wawo wachikatolika wokoleka pamsomali. Madalawa ankabwera pa chifukwa chimodzi: lumo la a Matiyasi silinkasiya chilonda kapena totupa pachibwano. Munthu akayamikira, iwo ankangokweza dzanja lamanja n'kunena kuti, "Ni dzanja ili."

Linali bodza limenelo, kapena tinene kuti theka la choonadi. Theka linalo anali sopo, ndipo sopoyo ankapanga ndi akazi awo, a Ketilina. Ankasungunula mafuta a ng'ombe ogula kubutchala, n'kusakaniza ndi mafuta a mtedza wa kwawo ku Chiparamba, n'kuthiramo madzi a kositiki, mankhwala owotcha aja, n'kumatakasa m'ndowa kuseri kwa nyumba mpaka mkono kuwawa. Kenako ankathira m'chikombole chathabwa chotulutsa zidutswa khumi ndi ziwiri. Zotsatira zake a Matiyasi sankazidziwa, ndipo sanafunsepo. Ankati ndi za azimayi. Iwo ankangopeza chidutswa chatsopano chili pa alumali pamene chakale chatha, ngati kuti sopo amamera yekha. Chimene ankachiona ndi chimodzi chokha, kuti a Ketilina asanapereke chidutswa ankayamba achikhudza ndi nsonga ya lilime. A Matiyasi ankaseka n'kumati, "Ngati muli na njala kambani, nikugulileni mabanzi."

A Ketilina anamwalira m'nyengo yozizira chaka chatha, atadwala masiku anayi okha. Anasiya zidutswa khumi ndi ziwiri m'katoni pansi pa bedi. Chidutswa chimodzi chimatha masabata asanu. A Matiyasi anadziwa kuti katoniyo ikadzatha popanda sopo wina wofanana naye, madala aja adzamwazika ndipo kachipindako kadzatsekedwa. Choncho maliro atangometedwa anayamba kusaka.

Anali ndi njira yawoyawo yoyesera sopo. Ankapukusa thovu m'kapu, n'kulipaka pamkono wawo, n'kunena chamumtima mapemphero atatu a pa kolona. Thovu likagwa kapena kuuma asanamalize, sopoyo walephera. Likapirira, ankalipukuta ndi chala n'kumva ngati pakhungu patsala kuterera, chifukwa lumo limayenda pa kuterera kumeneko. Chomaliza, ankameta kachigawo ka tsaya lawo n'kudikira mawa lake kuti aone ngati khungu ladandaula.

Woyamba anali sopo wobiriwira wochapira uja, amene mayi wina kumsika analumbira kuti amuna ake amametera. Thovu linagwa pemphero loyamba lisanafike pakati. A Matiyasi anati amuna a mayiyo ayenera kuti ali ndi chibwano cha chikopa cha ng'oma. Wachiwiri anachokera ku gulu la azimayi ena a kumidzi opanga sopo wa mafuta a thonje. Ameneyu anatulutsa thovu lambiri mpaka kusefukira, lokongola ndithu, koma la mphepo yokhayokha, ndipo lumo linkakokera tsitsi ngati munthu akuzula nthenga za nkhuku. Wachitatu anali wa mafuta a mbuzi. Kuterera anali nako, koma fungo lake! Madzi otentha atangomukhudza, kachipinda konse kananunkha khola, mpaka wa chigayo anabwera kudzafunsa ngati kwafa china chake.

Amene anawapsetsa mtima kwambiri anali wachinayi, wa bambo wina wa m'tauni wolankhula mothamanga. Anali wokutidwa m'pepala lokongola, womangidwa ndi kachingwe, wothira chammwamba ndi mafuta onunkhira, ndipo dzina lake linali lachingerezi lalitali ngati la mankhwala. Ananunkhira bwino, inde. Koma anauma pakhungu ngati laimu wapakhoma, ndipo m'mawa mwake tsaya la a Matiyasi linali totupa tokhatokha. Anabwerera kwa mwiniwake kukamufunsa ngati anayamba wametapo munthu, ndipo bamboyo anayankha mosachita manyazi kuti iye amameta ndi mashini. Anthu otere ndi amene akuononga dziko, ogulitsa chinthu chimene iwo eni sanachiyikepo pathupi pawo.

Anayesanso wa mafuta a malambe, wa uchi, ngakhale thovu la m'chitini la m'masitolo. Chaka chinatha choncho, ichi chakoma ichi chakoma, osapeza kanthu. Pofika mwezi wa Ogasiti m'katoni munatsala zidutswa ziwiri, ndipo a Matiyasi anali atasanduka munthu wolusa, wokalipira ngakhale nkhuku zodutsa pakhomo.

Panyumba pawo pankakhala mwana wawo Edmond, woyendetsa njinga yamoto, mkazi wake Dolika wa ku Madzimoyo, ndi kamwana kawo Faith. Dolika analeredwa mwamwambo wakale. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi chikwatiwireni sanayang'anepo apongozi ake aamuna m'maso. Akakumana nawo panjira ankapatukira kumbali n'kugwada. Chakudya ankatula pakhomo n'kubwerera chambuyo, ndipo akakhala ndi mawu ankatuma mwamuna wake. A Matiyasi ankanyadira zimenezi, ankauza anzawo kuti kwawo kokha ndiko kwatsala ulemu. Chimene sankadziwa n'chakuti zaka zonsezo amene ankalandira mthiko wotakasira sopo mkono wa a Ketilina ukatopa anali Dolika yemweyo.

Dolika anaona mavuto a apongozi ake n'kumva chisoni. Anagula mafuta, n'kutenga chikombole cha malemu, n'kupanga sopo mwakachetechete. Atauma mokwanira kudulika, anamuika m'katoni n'kupatsa Edmond kuti akapereke, pamodzi ndi uthenga. Edmond anafika pakachipinda paja Lachisanu masana njinga ili chilirire, wokwera akumudikira kumbuyo. Anatula katoni pakhomo n'kukuwa kuti, "Atate, sopo uyu, apanga amake Faith!" Basi, fumbi lokhalokha.

A Matiyasi anatsegula katoni. Zidutswa khumi ndi ziwiri, maonekedwe omwe aja, ngakhale kamzere ka mng'alu wa chikombole kanali pomwepo. Fungo linali la a Ketilina. Munthu wamkuluyo anakhala pansi, misozi ili lengelenge. Ndipo apa ndi pamene anachita chinthu chimene sanachitepo ndi sopo wina aliyense: sanamuyese. Sanapake pamkono, sananene pemphero, sanadikire mawa. Anakhulupirira mphuno yawo. Safunsa anadya phula.

Loweruka m'mawa a Gerson anafika ndi jekete lawo. A Matiyasi anapukusa thovu la sopo watsopano uja monyadira, n'kulipaka lambiri kuyambira khutu ili kufika linalo. Sipanapite nthawi a Gerson anayamba kusuntha pampando.

"A Sakala, kodi mwaikamo tsabola?"

"Khalani chete imwe, ni kuzizira chabe."

"Nikuti nikupsa ine!"

Pomwe ankawatsuka ndi madzi, nkhope ya mphunzitsi wokalambayo inali itafiira, ndipo pansi pa chibwano, pomwe lumo linali litadutsa kale, khungu linasupuka. Madala atatu amene ankadikira pabenchi anaona zonse. A Gerson sanatukwane. Ananyamula chipewa chawo, n'kugwira thawulo kumaso, n'kunena kuti, "Zaka zonsezi sinadziwe kuti mungayesele mankhwala pa nkhope yanga." Anatuluka, ndipo atatu aja anawatsatira.

Zimene a Matiyasi anachita kenako n'zimene zikuwasowetsa mtendere mpaka pano. Chidutswa chimene chinali m'manja anachigenda kukhoma, ndipo chinakalowa penapake pansi pa malata. Katoni anainyamula mpaka kunyumba. Anapeza Dolika akuchapa pampopi pamodzi ndi azimayi a nyumba zoyandikana. Munthu amene ankadzitama ndi ulemu wa pakhomo pake anaima pamaso pa mpongozi wake n'kumuloza chala.

"Iwe! Unafuna kunipha na manyazi? Uganiza kuti ukagwira chikombole cha akufa ndiye kuti wasanduka iwo? Mkazi wanga sanapangepo poizoni! Manja ako ni ochapila matewela, osati sopo wa anthu!"

Kunena "iwe" kwa mpongozi, pagulu! Azimayi aja anagwira pakamwa. Dolika anagwada pamatope pomwepo, mutu uli pansi. Milomo yake inagwedezeka, koma mwambo womwe uja umene a Matiyasi ankaunyadira unamutseka pakamwa, chifukwa mpongozi sabweza mawu kwa apongozi ake. A Matiyasi anapita kuchimbudzi n'kukhuthulira zidutswa khumi ndi chimodzi m'dzenje, Dolika akumva kugwa kwake. Edmond atabwera madzulo n'kumva nkhaniyi, anangopita kukatsuka njinga yake. M'mawa mwake Dolika anabereka kamwana kake Faith, n'kunyamula chikombole, ulendo wa kwawo ku Madzimoyo.

Masabata anadutsa. Nkhani ya nkhope ya a Gerson inazungulira Nabvutika yense, ndipo monga mwa nthawi zonse inkakula pakhomo lililonse, mpaka ena ankati mphunzitsi wataya diso. Pabenchi panatsala madala anayi. Chidutswa chimodzi cha a Ketilina chinatha, chomaliza chinayamba kuonda mpaka kuoneka kuwala mukachiloza kudzuwa. A Matiyasi anali okwiyabe, ndipo ankauza aliyense wofuna kumva kuti ana a masiku ano amafuna kuthamanga asanakwawe.

Mu Okutobala kunabwera kamvuluvulu kamene kanatukula lata limodzi la kachipinda kaja. A Matiyasi anakwera pampando kuti alibwezere n'kulitsendereza ndi mwala, ndipo dzanja lawo linakhudza chinthu pamwamba pa khoma. Chinali chidutswa chija. Chinali chitauma gwa, chitayera, chitapepuka. Anafuna kuchiponya kunja. Koma chili m'manja choncho, anakumbukira a Ketilina ataima pakhomo, chidutswa chili pakamwa, iwo akuwaseka za mabanzi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa lilime, n'kukhudza. Sichinalume. Kunangomveka kukoma kozizira kwa sopo wamba.

Anatsika, n'kupukusa thovu, n'kupaka pamkono. Ananena mapemphero atatu, thovu lili chiimire. Anawonjezera ena atatu, lili pomwepo, lolemera ngati phala. Analipukuta n'kumva kuterera kuja kumene anakusaka chaka chathunthu m'misika yonse ya Chipata. Anameta tsaya lonse, ndipo m'mawa mwake khungu linali losalala ngati la mwana.

Anamupeza Edmond akumanga tcheni cha njinga.

"Tsiku lija unabweletsa katoni, mkazi wako anakuuza chani?"

Edmond anakanda m'mutu. "Anati nikupatseni."

"Chabe?"

"Anati... aa, anati muike pamwamba pouma, musagwilitse nchito mpaka masabata sikisi, chifukwa akali wamuwisi, aotcha. Anati amama anali kuchita chimodzimodzi nthawi zonse. N'naiwala, atate. N'nali na kasitoma."

"Ndipo pamene n'namutukwana, unakhala chete?"

"N'naopa kuti mudzanikalipila ine."

Mwamuna wa zaka makumi atatu, wandevu zake, kulola mkazi wake kunyamula mlandu wake chifukwa choopa kukalipiridwa! A Matiyasi anatola sipanala kuti amugende nayo, koma dzanja linafooka lili m'mwamba. Anazindikira kuti wopusa wamkulu pabwalopo sanali Edmond. Edmond anaiwala uthenga wa tsiku limodzi. Iwo anagona zaka makumi atatu ndi zisanu pamwamba pa katoni ya sopo amene ankakhwima pansi pa bedi lawo lomwe, osafunsa ngakhale kamodzi kuti akudikira chiyani pamenepo.

Anayamba ndi kwa a Gerson. Mphunzitsiyo anawalandira pakhonde, chipsera chili pansi pa chibwano, ndevu zitametedwa mokhotakhota ndi mashini. Anamva nkhani yonse osadula mawu. Kenako anati, "Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimile. Imwe ndimwe munayatsa." Komabe analola kuti ayesedwe kachigawo kakang'ono pafupi ndi khutu. Lumo litadutsa, anagwirapo ndi zala kwa nthawi yaitali.

"Uyu ni wa amai Ketilina," anatero.

"Ni wa apongozi anga."

"Zilipo zingati?"

"Chimodzi ichi. Zina zonse n'nataya m'chimbudzi."

A Gerson anawayang'ana ngati mmene ankayang'anira mwana wolephera masamu. "Ine nizabwela pa Chiwelu, tsiku langa lija. Koma nkhope yanga yapola kale, a Sakala. Amene munamuotcha zoona ali ku Madzimoyo."

A Matiyasi anapalasa njinga yawo yakale m'dzuwa la Okutobala, atamanga tambala kumbuyo. Ku Madzimoyo anawalandira ndi a Harrison, amalume ake a Dolika, amene anawapatsa mpando pansi pa mtengo wa mango. A Matiyasi anaukana n'kukhala pansi padothi. Anafotokoza zonse, osabisa za chala, za "iwe", ngakhale za chimbudzi. Anapempha kuti mpongozi wawo awakhululukire, abwerere kunyumba, ndipo ngati angalole, apangenso sopo, chifukwa popanda iye lumo lawo ndi chitsulo chabe. A Harrison ananyamuka kuti akapereke mawuwo kwa Dolika m'nyumba monga mwa mwambo, koma a Matiyasi anawaletsa.

"Pepani, a malume. Mau otuma ndiye ananiononga. Ngati angalole, akambe okha, nimve na makutu anga."

Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi a Matiyasi anamva mawu a Dolika akulankhula ndi iwo. Sanali mawu aukali, koma sanalinso onjenjemera.

"Atate, namva. Mafuta aja n'nagula na ndalama za nshawa, mtedza wa m'munda mwanga, n'natakasa tsiku lonse nikulila amama Ketilina. Munataya nikumvelela. Amama ananiphunzitsa kuti chinthu chikali kuotcha sutengela munthu. Mubwele pakapita masabata sikisi, nizakuyankhani."

Chitseko chinatsekeka. Tambala anamulandira, koma chikombole sichinatuluke.

Pobwerera, a Matiyasi anawerengera njira yonse. Kachidutswa ka a Ketilina kanali katatha. Cha Dolika chikanatha masabata asanu, ndipo iwo anauzidwa asanu ndi limodzi. Ngakhale Dolika atavomera tsiku lomwelo, sopo watsopano adzafunanso masabata ake kuti akhwime. Panalibe pena populumutsira sopo koma pankhope pawo pomwe, chifukwa moyo wawo wonse ankadzimeta m'mawa uliwonse asanatsegule chitseko, ndi thovu lambiri, kuti makasitomala aone chitsanzo. Kuyambira tsiku limenelo burashi sinakhudzenso chibwano chawo.

Ndiye ndevu mukuzionazi. Tsopano ndi sabata lachinayi. Zimawayabwa m'kutentha kuno mpaka amafuna kuzizula ndi manja. Edmond anayesa kunena kuti pali mnzake wa mashini amene angawadule mwaulere, ndipo anathawa kapu yachitsulo ikuuluka kumbuyo kwake. Chidutswa chija amachisunga m'kachitini, amachikhudza ndi burashi kawiri kokha pa munthu aliyense, ndipo sadziwa ngati Dolika adzati inde kapena ayi.

Madala ayamba kubwerera mmodzimmodzi potsatira a Gerson. Loweruka lapitali wina wa iwo, atametedwa, anasisita tsaya lake n'kunena kuti dzanja la a Sakala silikalamba. A Matiyasi anamenya lumo pa lamba mwaukali mpaka onse anadzidzimuka.

"Dzanja, dzanja! Dzanja ili linaotcha munthu. Sopo ni wa a Dolika, anaphunzila kwa a Ketilina. Muzikamba maina awo."

A Gerson anafunsa chapansipansi ngati a Ketilina anawamvapo mawu amenewa ali moyo. A Matiyasi anatembenukira kukhoma, n'kutsuka burashi imene inali yotsuka kale, kenako anaitana wotsatira kuti akhale pampando.